Ulendo wokatenga Pasha ku South C

Ndinanyamuka kunyumba ku Donholm, mu mzinda wa Nairobi, Loweruka cha m'ma eyiti m'mawa, thumba lakale la chimanga nditalipinda m'khwapa. Makoswe anali atatizunza miyezi itatu. Anadya sopo, anadya waya wa wailesi, kenaka anaboola chitenje chimene mkazi wanga, amake Tadala, ankasungira ukwati wa mng'ono wawo. Choncho pamene Mayi Gondwe analengeza titatuluka m'tchalitchi kuti akufuna munthu woti atenge mphaka wawo, ine ndinakweza dzanja asanamalize n'kulankhula komwe.

Mayi Gondwe ankagwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri, ndipo anali atawasamutsira ku Ulaya, kunyumba yosalola ziweto. Ndege yawo inali ya Lolemba. Anthu onse amene anawafunsa ankafuna kamwana ka mphaka, osati nkhalamba ya zaka zisanu ndi zitatu. Dokotala wa ziweto anali atawauza kale kuti akapanda kupeza munthu, chotsala ndi jakisoni wogonetsa mpaka kalekale.

Matatu, ndiye kuti minibasi, yopita m'tauni inanditengera mashilingi makumi atatu, ya nambala 12 yopita ku South C kwa Mayi Gondwe makumi awiri. Cha m'ma teni ndinali pageti. M'nyumba munali makatoni okhaokha, ndipo Mayi Gondwe atangondilonjera maso awo anatera pa thumba.

"Nanga thumbalo ndi la chiyani, Bambo Mbewe?"

"La mphaka, mayi. Si mmene timachitira kwathu? Asaone njira, angabwerere."

Anakhala pa katoni ngati munthu amene walandira uthenga wa maliro.

Kenaka mwini nkhani anatulukira. Dzina lake Pasha, wa mtundu wa ku Perisiya, woyera mbuu, ubweya mpaka pansi, nkhope yophwatalala ngati anawomba chitseko ali pa liwiro. Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kumutu, n'kutembenuka. Mayi Gondwe anandipatsa satifiketi yake, yolembedwa mayina a bambo ake, amayi ake, agogo ake ndi makolo a agogowo. Ine pasipoti yanga siitchula ngakhale mudzi wa agogo anga.

Mafunso amene anatsatira ndinawamvapo kamodzi kokha m'moyo, tsiku limene ndinkafunsira mbeta. Nyumba yanu ili ndi mazenera angati? Aneba ali ndi galu? Adzimupesa ndani tsiku ndi tsiku? Ndinayankha zonse mwaulemu, kenaka ndinafunsa langa limodzi.

"Koma makoswe amagwira ndithu?"

Anaseka koyamba chifikireni changa. "Pasha? Chibadwire sanaonepo khoswe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese n'kubwerera ndi thumba langa, koma ndinaona kuti maso awo anali ofiira, ndipo dzanja lawo silinachoke pamsana pa mphakayo chiyambireni kucheza. Ndinawamvera chisoni, ndipo pakamwa panga panatuluka zina: "Palibe vuto, mayi, aphunzira."

Anamulowetsa m'kabokosi ka pulasitiki ka chitseko cha mawaya, n'kundipatsa chipeso ndi zitini zinayi za chakudya chake. Ananena zambiri, za mphuno yake, za kutentha, za madzi. Ine ndinkangoti eya, eya, maganizo ali pa zimene ndikawauze amake Tadala. Atati ayitane takisi ndinakana. Mwamuna wamkulu, dikoni wathunthu, kukwera takisi chifukwa cha mphaka!

Nditangokhota pakona pomwe sakanandiona, ndinalowetsa kabokosi konse m'thumba n'kumanga kukamwa ndi chingwe. Musandiseke msanga. Mphaka wa amalume anga anayenda yekha kuchoka ku Linthipe kubwerera ku Dedza chifukwa mlamu wawo anamunyamula poyera, ndipo nkhaniyo kwathu imakambidwabe.

Pa siteji kondakitala anagogoda thumba n'kufunsa m'Chiswahili ngati munali nkhuku. "Mzee, nini hii? Kuku?"

"Paka," ndinayankha, kutanthauza mphaka.

Anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kundiyang'ana mmene anthu amayang'anira munthu woyenda ndi mphaka m'thumba masanasana. Kenaka anati popeza katunduyo akulira, ndiye kuti ndi pasinjala, alipire mpando. Pasha analipira makumi awiri ngati ine, ndipo analira njira yonse mpaka m'tauni.

Tinafika m'tauni dzuwa lili paliwombo. Ndinadutsa m'chipiringu cha anthu thumba lili paphewa, ndinaima pa kakiyosiki kumwa tiyi ndi mandazi awiri, n'kukwera matatu ya ku Donholm yodzera Jogoo Road. Inali ya anthu khumi ndi anayi koma tinalimo khumi ndi asanu ndi atatu, nyimbo zikugunda mpaka m'mano. Ulendo uno ndinakana kulipira mpando wachiwiri, thumba ndinaliika pamiyendo. Zenera la mbali yathu linali lomata, losatseguka.

Titangodutsa bwalo la mpira la City Stadium magalimoto anaima nji. Mphindi khumi, makumi awiri, theka la ola. Thukuta linkayenderera kumsana. Pambali panga panakhala mayi wina wonenepa, atanyamula dengu la masamba, ndipo ndi iyeyo amene anandigunda ndi chigongono n'kulankhula m'Chiswahili.

"Bambo, mphaka wanu uja wasiya kulira."

Ine ndinkaganiza kuti wazolowera. Ndinamasula chingwe kuti ndisuzumire, ndipo mpweya umene unatuluka m'thumbamo unali ngati wa mu uvuni. Pasha anali atagona cham'mbali, lilime panja, akupuma mwabefu ngati galu, maso ali gwa. Pamenepo mawu a Mayi Gondwe a mphuno aja anandibwerera onse. Mphuno yophwatalalayo siikoka mpweya wokwanira ngakhale pabwinobwino, ndiye ine ndinali nditaitsekera m'thumba maola awiri. Ndinachita mantha kwambiri. Mayi Gondwe anandikhulupirira kuti ndimupulumutse ku jakisoni, ndipo ine ndinali kumupha ndi thumba la chimanga pa Jogoo Road.

"Mungu wangu!" anakuwa mayi wa masamba uja. "Mwana wokongola chonchi mukumuphika? Dalaivala, zimitsa chiphokosocho!"

Zaka zonse zimene ndinakhala ku Nairobi sindinaonepo dalaivala wa matatu akuzimitsa nyimbo chifukwa cha munthu, ngakhale wodwala. Tsiku limenelo anazimitsa. Kondakitala anatsitsa bambo wina wa tayi pa mpando wakutsogolo n'kundikhazika ine pazenera lotseguka. Wina anapereka nyuzipepala yokupizira. Wina anaitana wogulitsa madzi pakati pa magalimoto, botolo mashilingi makumi awiri. Mayi uja, atatambasula mkono kuchokera kumbuyo, ananyowetsa mpango wake n'kumamupukuta mapazi ndi makutu, uku akundilalatira osapuma. Bambo wa tayi uja, amene tsopano anali atapanikizika pakhomo, ankangofunsa ngati aliyense wapenga.

Patapita mphindi zingapo lilime linabwerera m'kamwa. Pasha anadzutsa mutu, ananyambita madzi m'chikhato changa, kenaka analira kamodzi mokwiya. Matatu yonse inaomba m'manja.

Mkulu wina wa imvi kumbuyo anafunsa chifukwa chimene ndinamuikira m'thumba pomwe bokosi linalipo kale. Ndinafotokoza m'Chiswahili changa chothyokathyoka, mpaka nkhani ya ku Linthipe. Anthu anaseka mpaka misozi, koma mkuluyo anagwedeza mutu n'kunena kuti kwawonso amatero. Ndinayamba kupeza mphamvu, mpaka mayi uja anafunsa.

"Nanga mwini wake ali kuti?"

"Akukwera ndege mkuja, sabweranso."

"Ndiye mumaopa kuti abwerera kwa yani?"

Ndinaganiza za nyumba ya makatoni ija, mmene idzakhalire Lachiwiri, yopanda makatani, geti lokhoma. Kwathu timabisa njira chifukwa kumene mphaka wachoka kumakhala kuli anthu, moto ukuyaka. Uyu akanati aloweze njira yonse n'kuyenda mpaka ku South C, akanakapeza loko.

Magalimoto atayamba kuyenda ndinatembenuza kabokosi kuti chitseko chiyang'ane kuzenera. Pasha anaona zonse: Makadara, ogulitsa mipando m'mbali mwa msewu, mphambano ya ku Buruburu, mpaka pa raundabauti ya Donholm pomwe tinatsika cha m'ma thuu koloko. Thumba ndinamusiyira kondakitala, amene anati likhala bwino poyalira nkhuku.

Amake Tadala ndinawapeza akuchapa pakhonde. Ndinatsegula kabokosi, Pasha anatuluka pang'onopang'ono, ubweya wonyowa utamatirira, akudzandira ngati wachokera ku mowa.

"Ichi ndiye chigwire makoswe?"

"Ayi," ndinatero. "Sanaonepo khoswe."

"Nanga mwabweretsa chiyani, abambo a Tadala?"

Ndinawauza zonse, za jakisoni, za thumba, za funso la mayi wa masamba. Sindinabise kanthu. Anamvetsera manja ali m'chiuno, ndipo ine ndinkadikira chimphepo. Pasha anayenda mpaka pamapazi awo, n'kukhala pamenepo, poti mphamvu zopitira kwina analibe.

Amake Tadala anamuyang'ana. Kenaka anapukuta manja, analowa m'nyumba, ndipo ndinamva kabati ya pabalaza ikutseguka, ija timasungamo mbale za alendo zimene ine ndemwe sindinadyerepo. Anatuluka ndi kambale ka maluwa kodzaza madzi n'kukaika pansi.

"Mawa mukagule misampha," anatero osandiyang'ana. "Ndipo chipesocho mundipatse, inu mungamuzule ubweya."

Ndinapita ku South C kukatenga wantchito, ndipo ndinabwerako ndi nkhalamba yofuna pokhala. Anakhala nafe zaka zisanu ndi chimodzi, geti lili lotsegula masana onse, ndipo sanatulukepo ngakhale tsiku limodzi.