Mpungabwi Pansi pa Pilo

Uthenga unandipeza m'munda wa ntedza, khasu lili m'manja, msana uli kudzuwa. Foni inalira m'chitenje, ndipo anali Tisa, mwana wa mng'ono wanga, amene amachapa nsalu pa loji ina ku Katete. Anati pakufunika mayi wa manja abwino wolongedza madengu a alendo, ndipo iye wapereka kale dzina langa. Ndinamufunsa ngati anawauza kuti ine pensulo ndimaigwira ngati mpini. Iye anati dengu silifuna pensulo.

Ndinaponya khasu uko. Ndinavina pamzere, ndinavina, ndinavinanso, mpaka kupondereza ntedza wanga womwe. Ine Nabanda, mkazi wamasiye, adzukulu asanu ndi awiri, imvi mpaka m'nsidze, kulembedwa ntchito yoyamba! Nthungululu yanga inakafika kumsewu wa ku Mkaika.

Lolemba ndinakwera njinga yahayala mpaka m'tauni. A Mai Daka, supavaiza wathu, mayi wamtali wosaseka msanga, anandipatsa yunifolomu yobiriwira ndi kachipinda kuseri kwa khitchini. Munali tebulo, mashelefu, ndi madengu ansungwi khumi ndi awiri, rumu iliyonse dengu lake. Anandionetsa kamodzi kokha. Tawulo lalikulu ulipinda katatu, likhala pansi. Laling'ono ulikulunga ngati mkeka, liima pambali. Silipasi ziyang'anizana mphuno. Kasopo kochepa ngati bisiketi kakhala pamwamba pa tawulo, kutali ndi shuga, chifukwa shuga amaba fungo. Timapaketi ta tiyi, ta shuga ndi ta mkaka wa ufa tilowa m'kambale kawo. Kenako botolo la madzi, tishu, kandulo ndi machesi chifukwa cha magetsi athu othimathimawa, ndipo pomaliza koyilo ya udzudzu. Zolembedwa pa timapaketi sindinkazitha, koma chala chimawerenga: shuga ukamufinya amalira tseketseke, mkaka uli phee.

"Mlendo akatsegula chitseko aziona ngati wafika kwa amake," anatero a Mai Daka.

Mawu amenewo ndinawameza onse osatafuna, ndipo ndi omwe anadzandigwetsa.

Kuti ndisaiwale ndondomeko ndinaisandutsa nyimbo. Tawulo pansi, sopo pamwamba, silipasi mphuno ndi mphuno. Ophika ankandiseka, amvekere ambuya ayamba kwaya yawo. Ine ndinkangoimba. Pofika teni koloko madengu onse amakhala atalowa m'marumu, ine nditaima pakhomo lililonse n'kuyang'ana bedi ngati ndayalira mwana wanga wobwera kuchokera kutali.

Mvula itakhazikika, udzudzu unabwera ndi abale ake onse. Maneti ena anali ndi ziboo. Makoyilo ankabwerera m'madengu osayatsa, alendo akuti utsi wake ukuwatsokomoletsa. Tisa anandionetsa nsalu za mapilo zili madontho a magazi, pomwe anthu ankadzimenya mbama kutulo. Mtima unandipweteka. Kwa amake munthu sagona choncho.

Kwathu m'mbali mwa minda mumamera mpungabwi, kachitsamba kafungo kamene udzudzu sukafuna. Amuna anga, malemu a Yobe, akamapita kukagwira ntchito ku mafamu a fodya, ndinkawayanikira masamba ake pamthunzi, n'kuwasokera m'kathumba kuti aziika kumutu pogona. Ankabwera akuti anzawo onse adwala malungo koma iwo ayi. Ndiye ndinati, alendo angawa ndi ana a anthu nawonso. Ndinathyola mpungabwi Lamlungu, ndinayanika, ndinatenga chitenje changa chakuda chamaliro chimene chinali chitatha kale, ndinachidula tizidutswa, n'kusoka timatumba khumi ndi tiwiri, kalikonse kochepa ngati bokosi la machesi. Ndinasoka mbali zonse zinayi kuti masamba asatayikire pa shiti. Sindinaike m'dengu ayi. Ndinkaika pansi pa pilo, pomwe pamafika mutu.

Sindinafunse munthu. Kodi munthu amapempha chilolezo kuti afunditse mwana bulangeti?

Masabata atatu zinayenda ngati madzi. Nesi wina wochokera ku Vubwi anandisaka mpaka kukachipinda kanga, akuti wagona ngati khanda, ndimupatseko tiwiri akapatse ana ake. Tsiku limenelo ndinaimba mpaka ophika anatseka chitseko.

Tsiku loipa linali Lachinayi m'mawa, kunja kukuwaza. Mu rumu sikisi munagona bambo wina wa ku Sinda, wa jekete lotuwa. Anali ndi mlandu wa munda kukhoti m'mawa womwewo, ndipo omwe ankalimbana nawo anali banja lina la mbali yakwathu. Ine zonsezi sindinkazidziwa. Mapepala ake a mlandu anawagoneka pansi pa pilo. Podzuka kuti awatenge, dzanja linagwira kathumba kanga.

Ndinamva phokoso ndili kupinda matawulo. A Mai Daka anabwera kudzanditenga, nkhope ili gwa. Pa risepushoni panali podzaza: ophika, alonda, alendo ena ali ndi miswachi m'manja. Kathumba kanali pansi, pasimenti, anthu atakazungulira patali ngati njoka. Bamboyo ankakaloza ndi chala. Anafunsa amene amalowa m'rumu mwake, ndipo ndinati ndine. Anafunsa amene anasoka, ndinati ndine. Anafunsa kwathu, ndinanena zoona, kuti ndi kufupi ndi Mkaika.

"Basi," anatero, akuyang'ana anthu onse. "Mwamva nokha. Akutumani ndani, amama? Akulonjezani chiyani kuti mundimange pakamwa kukhoti?"

Ndinagwada, ndinatola kathumba, ndinakang'amba ndi mano, n'kukhuthulira masamba m'dzanja. Ndinati nunkhizani bambo, ndi mpungabwi, ndi wa udzudzu. Iye anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Ndiye ndinatapa masambawo n'kuika m'kamwa, ndinatafuna, ndinameza pamaso pa onse, kuwawa kwake mpaka misozi.

"Mankhwala sapha mwini wake," anatero.

Ngakhale ophika aja, amene ankadya nane mbale imodzi, anayang'ana pansi.

A Mai Daka analamula kuti marumu onse asechedwe. Timatumba tonse tinabwera, anatindandalika patebulo la risepushoni. Nditationa tili pamzere, tonse takuda, tonse totsekedwa mbali zinayi, maso anga anatseguka, koma mochedwa. Tinalidi ngati zithumwa. Ine amene ndinatisoka ndinachita nato mantha. Zaka zonse zija ndinkasokera munthu wondidziwa, ndipo kwa iye kathumba kanali dzanja langa. Kwa mlendo kanali chinthu chakuda chimene wachipeza pansi pa mutu wake.

Kukachipinda kwanga a Mai Daka anatseka chitseko. Anakhala padengu lovundikira, mayi wamtali uja, n'kugwira mutu.

"Ambuya, ine mpungabwi niudziwa, amai anga anali kufukiza m'nyumba. Koma manje nizawauza chani a bosi? Munafunsa ndani?"

Ndinawakumbutsa mawu awo aja, oti mlendo aziona ngati wafika kwa amake. Anati inde ananena, koma amake a munthu amawadziwa nkhope. Anandipempha yunifolomu. Ndinaivula, ndinaipinda katatu monga tawulo, chifukwa manja anali atazolowera. Dengu la rumu naini linali lisanathe, lopanda silipasi. Ndinapempha kuti ndilimalize, anati lisiyeni.

Bambo uja mlandu unamugwera masana omwewo. Akuti anaima pa siteshoni ya maminibasi n'kumauza aliyense wofuna kumva kuti nkhalamba ya ku Mkaika yamudyetsa munda wake. Nkhani inakwera njinga, ine ndikuyenda pansi. Inandipitirira panjira, inakafika kumudzi, inakhala pansi, inamwa ndi madzi, ine ndisanafike.

Palibe amene ananditchula mfiti pamaso. Zikanakhala bwino akananena, ndikanayankha. Koma pamjigo amayi ankasuntha zidebe zawo ndikafika, amvekere tungani ambuya, ife sitikufulumira. Ana amene ankatola mango pakhomo panga anayamba kuitanidwa asanafike pamtengo. Ng'ombe ya aneba itafa ndi matenda a nkhupakupa, nkhani zinkaduka ndikamadutsa. Kutchalitchi benchi yanga inakula, malo ambali zonse ziwiri. Tisa ntchito yake inatsala, ndipo ndikuthokoza, koma foni yake sinalirenso m'chitenje changa. Ndinapita kawiri ku loji kuti a Mai Daka adzanene mawu amodzi kumudzi kwathu. Ulendo woyamba anati ali otanganidwa. Wachiwiri mlonda sananditsegulire geti.

Inu amene mufuna ntchito ya m'marumu, ntchitoyo ndi yabwino, yopanda dzuwa, yonunkhira sopo. Phunzirani kupinda, phunzirani kusiyanitsa shuga ndi mkaka, ikani m'dengu zimene mwapatsidwa basi. Chimene ndinatola ine ndi ichi: chifundo cha m'nyumba ya eni chiziyamba chaodira pakhomo. Osaika kanthu pansi pa mutu wa munthu amene sadziwa dzina lanu. Ndinaphunzira bwino, koma pogwiritsa ntchito phunzirolo palibenso.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga Esinati anabereka mwana wamkazi, chidzukulu changa choyamba. Mwana wamkazi, mbumba yakula, mudzi wakula! Ndinaimba ndekha m'nyumba mpaka mawu anasasa. Kwathu tsiku lotulutsa khanda panja, wolisambitsa ndi kulionetsa dzuwa amakhala mayi wamkulu wa banja. Adzukulu anga ena onse ndinawasambitsa ndine, Esinati ndinamusambitsa ndine. Ndinakonza beseni latsopano, ndinachapa chitenje changa cha maluwa.

M'mawa wa tsikulo mwana wanga Malita, amake a Esinati, anabwera pakhomo. Sanalowe. Anagwada pakhonde, maso ali pa zala zake.

"Amama, akuchimuna akuti mwanayo asagwiridwe ndi manja ambiri. Lero khalani kaye chapatali. Anthu angabwerere panjira."

Ndinamufunsa ngati iyenso akukhulupirira. Anati iye sakhulupirira, koma mwana akadzangotentha thupi adzanena ndani? Ndinamupatsa beseni lija kuti apite nalo. Analisiya pomwepo.

Ndiye ndinatenga kampando kanga n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, pomwe pali mpata woonera bwalo lonse. Anthu sanabwerere panjira ayi, anabwera, anadzaza, anavina mpaka fumbi m'nyengo ya matope, ndipo ine ndinawaombera m'manja chapansipansi kuti ndisawasokoneze. Anabwera a Nangozo ndi nkhuku yoyera. Anabwera a Naphiri a kutsidya ndi ana awo Dolika ndi Eneresi. Anabwera a Zuze amalume ake a mwana, ndi a Layitoni a ngolo. Anabwera a Saidi a golosale ndi sopo wa khanda. Anabwera a Nasimango, amene anasambitsa mwanayo. Anabwera a Belita a kwaya, a Tereziya, a Felesiya, ndi Mwatitha wa pamjigo. Anabwera Tisa, atavala nsapato zatsopano. Analipo Malita, analipo Esinati akumwetulira ngati mwezi. Ndi ine Nabanda ndinalipo, amene ndinaona kaphazi kamodzi katatuluka m'shawelo.