Makoko Amene Anatseka Chifuwa cha Adada

Ndinaganiza zochoka ku Uliwa chaka chimene madzi anakokolola mpunga wathu ku Wovwe. Mnzanga wopikula zitenje ku Dar es Salaam anandiuza za mayi wina wa ku China amene ankafuna wantchito m'sitolo yake ya mankhwala azitsamba. Adada ananditsanzika akutsokomola. Chifuwacho chinali chitakhalitsa, koma kwathu munthu wamkulu akamatsokomola timangoti ndi fodya.

Mama Lin, abwana angawo, sindinawakhulupirire, nawonso sankandikhulupirira. M'sitolomo munali madirowa odzaza mizu ndi makungwa, koma imodzi yokha inali yokiya, kiyi wake ali m'khosi mwawo. Munkakhala makoko ouma onga tizikho tosweka, a duwa limene amapangira opiyamu, mankhwala ozunguza bongo. Ankapimira pang'ono odwala chifuwa chosatha kapena otsekula m'mimba mosalekeza. Ine mumtima ndinkati chinthu chabwino sachikiyira chonchi.

Kusungulumwa kunandidya. Chiswahili changa cha pa boda ya Songwe chinkaseketsa makasitomala, ndipo Lamlungu ndinkapita kokwerera mabasi a ku Kyela, tauni ya kufupi ndi bodayo, kukangomva anthu akulankhula chakwathu. Kandalama ndinkatumiza pafoni, koma zikomo aliyense ankabwera atabereka pempho lina.

Tsiku lina Mama Lin anamva adada akutsokomola pafoni yanga. Anatsegula dirowa ija n'kundikulungira makoko ochepa.

"Awa ndi oti apumeko pokonzekera kupita kuchipatala," anatero. "Amangotseka chifuwa pakamwa, sachiza."

Ndinawakayikira kuti akufuna kutikola kuti tizigula, komabe ndinapatsira kondakitala wa basi, ndipo mawu awo ndinawabwereza kwa mchimwene wanga Gomezgani, amene ankasamala adada.

Posakhalitsa Gomezgani anaimba. "Adada wali makora, mlongo, chifuwa chatheratu. Utumize ena."

Ngati chatha, enawo ndi a chiyani? Ndikati ndilankhule ndi adada, yankho linali limodzi: agona. M'mawa agona, masana agona. Munthu amene tambala ankamupeza ali kumunda! Mama Lin anakana kupereka ena, ndipo anandiuza kuti ndipite ndikaone ndi maso anga.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Adada anali pamphasa pansi pa mtengo wa mango, nthiti zikuwerengeka, maso ali tsinzinitsinzini. Anandizindikira mochedwa. Pamoto panali kapoto kakuwira, ndipo makoko anali mmenemo anali ochuluka kuposa amene ndinatumiza. Gomezgani anali atapeza dalaivala wa lole amene ankamubweretsera ena.

Azakhali, alongo awo a adada, anandikumbatira monyadira. "Mwana iwe, mankhwala ako aja ndi amphamvu. Tagawirako ndi apafupiwa. Mankhwala sitimanana kuno, ali ngati mchere."

"Kuchipatala munapita nawo?"

"Tipitirenji munthu atachira? Masiku ano nyumba yonse tikugona tulo."

Ndinapsa mtima. Miyezi yonseyo ndinkayang'anitsitsa manja a mayi wachilendo, osadziwa kuti oyenera kuwakayikira ndi anthu ondikonda. Sananame mwadala ayi. Anali atatopa ndi kudwazika, ndipo chifuwa chitakhala chete anasankha kukhulupirira kuti chapita.

Ndinakhuthula potoyo. M'mawa mwake tinakwera minibasi ya ku Boma, adada akutuluka thukuta ndi kutsokomola njira yonse, anthu akutembenuzira nkhope kumawindo. Kuchipatala anapeza chifuwa chachikulu, chitawadya kale mkati. Namwino, mayi wa ku Dedza, anandifunsa kuti tinali kuti nthawi yonseyi.

Ku Dar sindinabwerereko. Adada akumwa mapiritsi awo pamaso panga, ndipo sindikudziwa ngati adzagwirenso khasu. Gomezgani mpaka lero amauza anthu pa Uliwa kuti adada anali bwinobwino mpaka tsiku limene ine ndinabwera kudzawadzutsira matenda.