Mbira ziwiri za alamu anga oimbira mpira

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anaimbira mpira moyo wawo wonse, ndipo atapuma ntchitoyo sanapume kuweruza. Ndi munthu amene sangaone agalu awiri akuyang'anizana pamsewu osalowererapo. Ana atakula n'kuchoka, nyumba inawakulira, choncho anakagula mbira ziwiri zazimuna n'kuzikhomera khola lalikulu pakhonde lakuseri. Yonenepayo anaitcha Chimphona, yaing'ono ya banga pamphuno anaitcha Kadontho. Ankazikonda mochititsa manyazi. Kaloti ankazidulira timizeremizere, pamene ife alendo tiyi tinkadzithirira tokha.

Mbirazo zitakula, zinayamba. Kadontho ankayenda mozungulira mnzake akugwedeza matako pang'onopang'ono, uku akulira chapansipansi ngati njinga yamoto yoima. Kenako onse ankatukula zibwano kuti aone wamtali ndani, mano ali gwegwegwe, n'kuyamba kuthamangitsana. Mapeto ake Kadontho, kakang'onoko, ankakwera pamsana pa Chimphona. Apa alamu ankalephera kupirira. Ankaliza wezulo, kutulutsa kadi yofiira yeniyeni imene anasunga ya kuntchito, kuionetsa mbirayo, n'kuinyamula kukaitsekera m'bafa kuti ikaganize bwino.

M'mawa akaibweza, zonse zinkayambiranso pachiyambi.

Dokotala wa ziweto anali atawauza kale kuti azisiye. Anati amuna a mbira amatero pofuna kudziwana wamkulu, ndipo ukawalekanitsa nkhani isanathe, akakumana amaiyambanso. Anati aziikire mbale ziwiri ndi pobisala pawiri, ndipo alowerere pokhapokha zikalumana mpaka magazi. Mbale alamu anagula, pobisala anakhoma, koma zoti aone kosewera kakukwera mnzake iwo n'kungopinda manja, anati dokotalayo sanaimepo pakati pa bwalo.

Amene anatopa ndi achemwali. Wezulo ankalira iwo ali pafoni, ankalira akupemphera, ndipo kusamba kunkadikira kuti wolangidwa amalize chilango. Tsiku lina anangoti atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo Loweruka masana mayi wa nyumba yoyandikana nayo adzabwera ndi katoni kudzatenga Kadontho. Alamu anachonderera, analonjeza, anatsuka ngakhale mbale, koma achemwali anga akanena anena. Ndinawamvera chisoni bambowo, chifukwa ndinawapeza atakhala pafupi ndi khola akulangiza Kadontho motsitsa mawu kuti asinthe khalidwe nthawi ikadalipo.

Loweruka ndinapita dala, nkhani ngati imeneyi sindikanafuna kuimva kwa ena. Ndinafika mbira zitayamba kale. Alamu anawerama mwachangu kuti agwire wolakwayo, msana n'kuwagwira. Anangouma pomwepo ngati mpando wopinda. Tinawagoneka pamphasa chammbali, nkhope italoza kukhola, ndipo achemwali anawavula wezulo m'khosi n'kuponya m'thumba la epuloni.

"Alamu, kagwireni ako," bambowo anandipempha. "Taonani, kakuchita dala."

Ndinawauza kuti ine ndabwera kudzaonerera, ndipo oonerera salowa m'bwalo.

Ndiye kunali mpira. Kadontho anazungulira, anakwera, anagwa, anakweranso chakumutu. Chimphona anathawira m'kabokosi, anatulukira mbali ina, anatukula chibwano, utuchi uli mbee. Alamu ankaweruza chigonere, akutchula milandu imene sindinaimvepo, ndipo akati akweze dzanja msana unkawakumbutsa. Ine misozi inali mbwembwembwe ndi kuseka. Achemwali, amene ankati alibe nazo ntchito, anali atakoka mpando, ndipo ndinawamva ndi makutu anga akuchemerera kakang'onoko. Nthawi ndi nthawi alamu ankatsinzina n'kufunsa ngati patuluka magazi. Panalibe ngakhale kadontho, kupatula mwini dzinayo.

Kenako Chimphona anangotsitsa mutu, n'kulira kamawu kakang'ono kodandaula, n'kuima chilili. Kadontho anamukwera kamodzinso, ngati wosindikiza, n'kutsika kupita kumbale. Anadya yekha kanthawi. Chimphona anayandikira mwaulemu, anaima, ndipo poona kuti sakuthamangitsidwa anayamba kudya nawo tsamba la kabichi lomwelo chakumapeto. Atakhuta anagona, wina apa wina apo, maso ali tseketseke.

Alamu anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ndiye kuti masiku onsewa ndakhala ndikutulutsa kaputeni?" anafunsa.

Nthawi yomweyo kumaso kunamveka odi. Anali mayi uja ndi katoni yake yoboolaboola. Alamu anayesa kudzuka, analephera, ndipo nkhope yawo inandithera kuseka konse. Sanachonderere. Anangoyang'ana akazi awo.

Achemwali anaimirira, anakonza epuloni, anasuzumira m'khola, n'kulowa m'nyumba. Tinamva chitseko chakumaso chikutseguka, moni wautali, kufunsana za ana, kenako mawu a achemwali akuti akupepesa kwambiri powavutitsa, koma pakhomo pano palibe mbira yochoka.

Alamu anayamba kuseka, msana n'kuwabaya, n'kubuula, n'kusekanso, misozi ikutsikira m'khutu. Anandipempha kuti ndiwakokere mphasa pafupi ndi khola, ndipo ndinawakokera.