Mboni ya a Laston inali khoswe

Ku Nkhulambe palibe amene sawadziwa a Laston okumba mbewa. Akangoyang'ana una amakuuzani ngati muli kapuku kapena mende, ndipo saphonya. Koma ankatchukanso ndi mimba. Kwa zaka makumi awiri inkawapota, kutupa ngati ng'oma, lero kutsekula, mawa kudzimbidwa. Tsoka lake inkakonda kuyamba nthawi yopalira, mtima uli m'mwamba poopa kuti mvula idula. Chilimwe chikafika, nthawi yokumba mbewa, mimba ija zii.

Nanga inu mukanakhala akazi awo, a Enelesi, mukanaganiza chiyani?

"Mimba yanuyi ndi yophunzira," ankatero a Enelesi akukhomera khasu. "Imadziwa kuti lero n'kumunda."

Kuchipatala anawapima magazi, anawapima chimbudzi, osapeza kanthu. Akabwerako a Enelesi ankangoti, "Si ndinanena?" Mawu amenewa ankawawa kuposa mimbayo. A Laston ankalakalaka chinthu chimodzi chokha, kuti mkazi wawo awakhulupirire.

Chaka chatha pa Khirisimasi kunabwera mwana wawo Thandiwe, amene amachita maphunziro a zaumoyo ku Joni. Anawapeza ali kwala pamkeka pansi pa mango, akubuula. Pofuna kuiwala ululu, a Laston anamufunsa chimene amachita kumeneko.

"Timasunga makoswe oyera, ababa."

"Sukulu yonse ija kuti uzikaweta makoswe? Bwenzi nditakuphunzitsa ine pompano!"

Thandiwe anaseka n'kutulutsa foni. Anafotokoza kuti makoswe ena kumeneko ali ndi matumbo osachedwa kupweteka, ndipo amawalowetsa m'makina ojambula ubongo. Anawaonetsa zithunzi ziwiri: ubongo wa khoswe wabwinobwino uli mbuu, wa khoswe wodwalayo uli psuu.

"Matumbo ake mutawaona alibe bala, koma ubongo ukumva ululu weniweni. Nkhawa ikachuluka, ululu umakula. Anthu nawonso amadwala chonchi. Tipite limodzi kwa dokotala ku Blantyre, ababa."

A Enelesi, amene ankasenda chinangwa chapatali ngati sakumva, anapukuta manja pachitenje n'kulanda foni ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Khosweyu ali ndi munda?"

"Ayi, amayi."

"Amapalira?"

"Amangodya n'kugona."

"Ndiye anganamizirenji?"

A Enelesi analowa m'khitchini, anafunditsa madzi, nabwera ndi kansalu. Anagwada pamkeka paja n'kuyamba kuthowa mimba ya amuna awo, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Ndinakulakwirani, abambo ake a Thandiwe."

A Laston anaseka mpaka misozi, akugwira pamimba chifukwa kusekako kunkawawanso. "Zaka makumi awiri ndikulumbira, mpaka kutchula malemu amayi, mboni yanga n'kudzakhala khoswe!"

Mimba sinathe ayi. Atapita ku Blantyre kuja, dokotala anawauza zakudya zoti achepetse, ndipo masiku ena imapotabe. Koma a Laston ndi munthu wosangalala tsopano. Chilimwe chino mbewa yoyamba kuigwira anaitaya yamoyo, akuti ikapereke moni kwa abale ake ophunzira. Yachiwiri, musafunse, inapita pamoto.

Ndipo mimba ikayamba ali pakati pa mzere, sabisanso nkhope. Amangoimika khasu. A Enelesi amacheuka, n'kunena kuti, "Kakhaleni pamthunzi, mzerewu ndimaliza ine."