Chofunda Chimene Che Saidi Sanafunde

Inu owerenga, ine ndinasoka chofunda chokongola kwambiri, ndipo munthu amene ndinamupatsa anafa ndi chisanu chofundacho chili m'chipinda mwake momwemo. Sindikufuna kuzungulira. Chaka chatha chomwechi kuuma mutu kwanga kunapititsa kumanda nkhalamba imene sinandilakwirepo kanthu, ndipo ndalemba izi kuti amayi anzanga okonda kuthandiza osauka musadzachite zimene ndinachita ine.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimakhala kuno ku Bulawayo, ku Nguboyenja, ndipo ndimadyera makina osokera. Kutchalitchi kwathu tilipo Amalawi ndi anzathu a ku Chipata, ndipo amayife tili ndi kagulu kathu. Nyengo yozizira ikamayandikira timatolera tizidutswa ta nsalu totsala kwa matelala, n'kulumikiza zigambazo, kuika bulangete lakale m'kati, n'kusoka zofunda zochindikala. Zofundazo timakapereka kwa matchona a ku Makokoba, dera lakale la mumzinda muno, agogo aja anabwera kalekale kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'mafakitale, kumudzi n'kuiwalika, ana n'kumwazikira ku Joni. Amene simunagonepo ku Bulawayo mwezi wa Juni simungamvetse. Chisanu cha kuno chimabaya mpaka m'mafupa.

Chaka chimenecho tinali ndi mulu wa zitenje za mpingo zotsala pamsonkhano waukulu, zija zokhala ndi mtanda, mavesi, ndi dzina la Mulungu lolembedwa ponseponse. Ndine amene ndinabweretsa nzeru yoti tizidule, tiziike pakati pa chofunda chilichonse, kuti munthu azimva kutentha uku uthenga ukumulowa. Amayi Tembo, mnzathu wa ku Chipata wosakonda zolankhulalankhula, anakana. Anati ena mwa agogowo ndi Asilamu, ena ndi odwala, ndipo chofunda cha wosauka chimagona pansi, chimapondedwa, chimasanziridwa. Ine ndili ndi pakamwa, ndimadzidziwa. Ndinawafunsa pamaso pa gulu lonse ngati ayamba kuchita naye manyazi Mulungu wawo. Anthu anaseka, amayi Tembo anangoweramira singano yawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chofunda chimene ndinachisamalira kuposa zonse chinagwera Che Saidi. Awa anali Myao wa ku Mangochi, Msilamu, wokalamba zedi, wokhala yekha m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chindebele dzina lake MaNcube. Nditamva kuti ndi Msilamu mpamene ndinachita kusankha chitenje chodzaza mawu kwambiri. Mumtimamu ndinkati ameneyu ndiye wofunika kumufikira.

Tsiku lokapereka ndinalowa ndekha m'kachipindako. Fungo la mkodzo linandilandira pakhomo, koma sindinadzifunse kanthu. Pamphasa panali bulangete lawo, lakuda bii, lobookabooka, nsikidzi zili balala m'mphepete. Aaa, ine zauve sindigwirizana nazo. Ndinalinyamula ndi zala ziwiri n'kutuluka nalo.

"Lisiyeni mwanangu, ndinalizolowera limenelo," anatero Che Saidi ndi mawu otsika.

Ine ndinaseka. Ndinati agogo, masiku ogona ngati galu atha. Ndinalithira parafini kuseri kwa nyumba n'kuliyatsa, iwo akuyang'ana pakhomo atagwira ndodo yawo. Kenako ndinatambasula chofunda changa chija monyadira. Maso awo anali atafooka, ndiye anachisisita ndi dzanja n'kundifunsa chimene chalembedwapo. Ndinawawerengera mzere uliwonse mokweza, dzina la Mulungu ndikuchita kulitsindika. Iwo anabweza dzanja msanga. Atatero anapukuta manja pamalaya, analandira chofundacho ndi manja awiri, n'kundithokoza mpaka ine kuchita manyazi.

Lamulungu lotsatira ndinaimirira m'tchalitchi kupereka umboni kuti mawu amugwira Msilamu ku Makokoba. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Patapita masiku, munthu wina wakufuna kwabwino anatipatsa mabulangete angapo a m'sitolo, ndipo amayi Tembo anapempha kuti limodzi lipite kwa Che Saidi. Ndinawadula pakamwa. Ndinati amenewo analandira kale, ndipo analandira chabwino koposa onse, tisamachite ngati osauka ndi iwo okha. Inu owerenga, kuchokera kwathu kukafika ku Makokoba ndi ulendo wa pansi, m'tauni ndimapita pafupipafupi kukagula ulusi, koma sindinapatukeko ngakhale kamodzi kukawaona. Kwa ine ntchito inali itatha.

Chisanu chinafika pachimake. M'mawa wina ndikutsegula makina, ndinaona MaNcube ali pachipata, atafunsira njira kwa anthu. Anandiuza kuti khulu, mmene iwo ankawaitanira Che Saidi, anadwala chibayo, anawatengera kuchipatala mochedwa, ndipo atisiya. Ndinamva chisoni, inde, koma chinali chisoni wamba. Ndinati bola apita atafunda bwino masiku awo omaliza. MaNcube anangonena kuti ndiwatsate.

Kachipinda kaja kanali mmene anakasiyira. Pamphasa panali masaka awiri a ufa, makatoni ophwanya, ndi jekete lakale lantchito. Zimenezo ndiye zinali zofunda zawo kuyambira tsiku limene ndinatentha bulangete lija. Chofunda changa chinali pamwamba pa kabati, chopindidwa bwinobwino, chokulungidwa m'pulasitiki kuti fumbi lisachipeze.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinapsa mtima. Maliro ali m'kati, ine ndinayamba kubwebweta kuti anthu amenewa ndi ouma mtima, alolera kufa kusiyana ndi kukhudza mtanda. Ndinanena zimenezo, Mulungu andikhululukire, ndipo ndinazinena mokweza.

MaNcube sanakweze mawu. Anandifotokozera m'Chindebele pang'onopang'ono kuti ndimve bwino. Anati khulu anali ndi vuto la achikulire, madzi sankatha kuwagwira akagona, ndipo m'mawa uliwonse zogonera zinkakhala zonyowa. MaNcube anawakalipira kangapo kuti afunde chofunda chatsopanocho, tsiku lina mpaka anachitsitsa okha n'kuwafunditsa, koma atatembenuka anapeza nkhalambayo yakwera pampando ikuchibweza pamwamba, miyendo ikunjenjemera. Atawafunsa chifukwa chake, yankho linali lakuti:

"Mwana uja wandiwerengera. Pali dzina la Mulungu pamenepa. Ine ndingalikodzere dzina la Mulungu?"

MaNcube anafuna kubwera kudzandiuza nthawi yomweyo, koma Che Saidi anawaletsa. Anati mayiyo wasoka ndi mtima wake wonse, musakamuchititse manyazi. MaNcube nawonso ndi osauka, bulangete lawo ndi limodzi logona ndi adzukulu, ndiye chimene anatha n'kuwapezera masaka aja.

Ndinakhala pansi pasimenti pozizira paja. Kalanga ine! Fungo lija ndinalimva ndi mphuno zangazi tsiku loyamba. Amayi Tembo anandichenjeza. Mwiniwake anandipempha kuti ndisiye bulangete lake. Zonsezo zinandidutsa chifukwa ndinali kalikiliki kudzimvera ndekha.

Anthu a kumzikiti anawaika m'manda tsiku lomwelo monga mwa mwambo wawo. Chimene chinandimaliza n'chakuti shehe wawo anabwera pomwe tinakhala amayi, n'kutithokoza ife a tchalitchi kuti tinakumbukira m'bale wawo pa nthawi yozizira. Ndinalephera kudzutsa nkhope. Amayi Tembo anali pambali panga, ndipo mpaka lero sananenepo kuti ndinakuuzani. Ndikanakonda akanandilalatira, mwina mtima ukanapepukako.

Tsono amayi anzanga, ndikupempheni. Chitenje cha mpingo valani nokha, pitani nacho kumapemphero, kuukwati ndi kumaliro, kumene mukudziwa kuchisamalira. Koma mukamasokera wodwala, nkhalamba, kapena aliyense amene simukudziwa mmene amagonera, sokani ndi nsalu wamba, yoti akhoza kuidetsa, kuichapa, n'kuidetsanso popanda mantha. Ena adzakana nsalu yachipembedzo chifukwa si ya chikhulupiriro chawo, ndipo ali ndi ufulu. Ena adzaiopa chifukwa amailemekeza kuposa ife amene tinaidula ndi sizasi. Onsewo mapeto ake ndi amodzi, agona ndi chisanu. Ndipo wosauka sakana mphatso pamaso panu, amalandira ndi manja awiri n'kuthokoza, inu n'kumapita mukuganiza kuti mwathandiza.

Musanapereke, funsani. Chakale chimene munthu ali nacho, kaya chinyanse bwanji, musamulande musanaone ndi maso anu kuti chatsopanocho akuchigwiritsa ntchito. Ndipo mukapereka, bwereraniko. Kwa ine sipankafunika nzeru zambiri kapena ndalama ayi. Ndikanangopatuka tsiku limodzi pochokera kogula ulusi, n'kulowa m'kachipinda kaja n'kukweza maso, bwenzi Che Saidi atafunda.