Mpando Umene Anandilanda Alamu Anga ku Wakefield

Chimene chinandichotsa pakhonde la sitolo ku Ntcheu, pamene ndinkasoka zovala, si umphawi ayi. Ndi chithunzi. Alamu anga a Fanuelo, amene anakwatira mlongo wanga Esinati, namwino, anatumiza chithunzi ataima pa chipale chofewa, atavala chijasi chofika m'maondo. Munthu woti anabwereka buluku langa popita kukafunsira mlongo wangayo. Akazi anga anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene amandiyang'anira ine. Sabata yomweyo ndinagulitsa makina.

Ndinapita ku Mangalande ngati mlendo wokacheza, kuchezako n'kutalika mpaka mapepala anatha. Ndinakadzipereka ku boma kuti andisunge, iwo n'kukanditaya ku Hull, kumene mphepo ya kunyanja imalowa m'mafupa osaodira. Ntchito sankatilola, koma ndinkafupikitsa mabuluku a anthu m'chipinda mwanga, chitseko chili chotseka. Ndikatumiza kangachepe kumudzi, mayi akunyumba ankayankha pafoni kuti, "Zafika. A Fanuelo kwawo atumiza malata." Lamlungu ndinkakwera basi popanda kopita, kungofuna kumva anthu akuyankhula.

Amalawi a ku Hull, Sheffield ndi Wakefield tinali ndi timagulu tathu tothandizana pamaliro, ndipo tinatiphatikiza kukhala gulu limodzi. Ine ndinalitcha Chitaganya, monga boma lija la atsamunda lophatikiza maiko atatu, pofuna kuputa okalamba anzanga, dzinalo n'kukakamira. Mutu wake anali mayi wina wachizungu wobadwira ku Zomba, amene tinkamutcha Kwini. Sankalamula kanthu. Ntchito yake inali kudula keke, ndipo wina akamwalira, kukwera ndege ndi bokosi kukalitula kwa abale. Miyendo itamukana, tinati basi, tidzilamulire tokha monga linachitira dziko lathu: tisankhe Pulezidenti.

Tinakumana mu holo ya tchalitchi ku Wakefield poti ndi pakati. A ku Hull tinkafuna mpando uzizungulira mizinda, kuyambira kwathu. A ku Sheffield, poti anamwino ndi ochuluka kumeneko, ankafuna mavoti. A ku Wakefield anati chitani zimene mukufuna, bola thumba likhale kwa iwo. Opikisana tinatsala awiri, ine ndi alamu. Ndinavala suti yosoka ndekha, ndipo ndinayankhula mpaka ana obadwira komweko, amene Chichewa amangochimva osachiyankha, anaomba m'manja. Alamu anachita kuwerenga, mutu uli pansi ngati mwana wa sitandade fayifi.

Kenaka Esinati, mlongo wanga wa bere limodzi, anaimika mkono.

"Achimwene, maliro akagwa, mukwera ndege?"

"Ndikwera, ndilekerenji?"

"Nanga kubwerako?"

Holo yonse inaseka. Aliyense ankadziwa kuti wopanda mapepala akatuluka m'dzikomo, salowanso. Wina chakumbuyo anati, "Ameneyo ndi Pulezidenti wa maliro amodzi." Alamu anali ndi pasipoti yofiira ya Kwini weniweni. Anapambana. Pondigwira chanza anandinong'oneza kuti, "Alamu, sutiyi ndi yabwino. Simungandisokereko yanga?" Ndinawasokera, koma mkono wamanzere ndinaufupikitsa pang'ono.

Zaka zinapita, mapepala anga osatuluka, maondo akulira ndi chisanu. Ndinauza a boma kuti ndatopa, anditumize kwathu. Nditatsika minibasi pa Ntcheu, munthu woyamba kundipatsa moni anafunsa kuti, "Mwachokera ku Mangalande? Ndiye a Pulezidenti mumawadziwa?" Kunapezeka kuti alamu ndi otchuka kuyambira ku Dedza mpaka ku Balaka. Pamaliro amawakhazika pampando wa khushoni, amawapatsa chimkuzamawu, ndipo suti ndinasoka ija ili m'zithunzi za m'nyumba za anthu amene dzina langa sanalimvepo.

Mwezi wa Disembala anabwera kudzangocheza, opanda bokosi. Galimoto itangoima iwo n'kutsika, amayi a m'nyumba zitatu zimene zili ndi ana kunjako anayamba kulira. Wina anadzigwetsa pansi akufunsa kuti, "Ndi wanga kodi? Nenani msanga." Alamu analumbira kuti abweretsa mabisiketi okha, koma anthu anakasuzumirabe kumbuyo kwa galimoto. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Titatsala awiriwiri pakhonde anati, "Mukuseka, alamu, koma chisankhidwireni palibe wandiitanapo ku ukwati. Ndikaimba foni anthu amaopa kuyankha."

Munthu wabwino akanawamvera chisoni. Ine ndinkaganiza za amayi aja. Tsiku limene ndinafika ine, mudzi sunagwedezeke. Akazi anga anangoti ndaonda, n'kupitiriza kupeta. Komanso ndadzionera ndekha mmene amalandirira obwera ndi alamu: magalimoto ndondolondo kuchokera kubwalo la ndege, makwaya awiri, mbiri ya munthu kuwerengedwa m'Chingerezi. Kuno amalemekeza wochokera kunja akabwera atagona.

Ndiye ndinafunsa mozemba, ngati nkhani yongocheza. "Nanga tsiku langa likadzafika, mudzabwera kudzayankhula? Pajatu dzina la gulu ndinapereka ndine."

Anakanda kumutu. "Malamulo ake munapanga nawo, alamu. Pulezidenti amaperekeza amene ali kutali ndi kwawo. Inu munafika kale, ndi miyendo yanu."

Ndiye ndili pano, wamoyo, ndikudya bwino, maondo anasiya kulira. Koma alamu akadutsa pamsewu kutsogolo kwa mdipiti wa maliro, sindidziwanso amene ndikumuchitira nsanje, wakhala kutsogolo kapena wagona kumbuyo.