Ndinkakumbira Ena Faiba ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene matalala anawononga fodya wathu atatsala pang'ono kuthyoledwa. Tinaima m'munda ine ndi mkazi wanga Nachisale, tikuyang'ana masamba atang'ambika ngati sanza. Msuweni wanga Yohane, yemwe ankakhala ku Joniko, anali atandiuza kale kuti kumeneko kuli ganyu yokumba ngalande, yosafuna sukulu, bola msana.

"Pitani, bambo a Tadala," anatero Nachisale. "Koma muziimba foni."

Kwathu, kuseri kwa mapiri a ku Msakambewa, foni sinali nkhani yamasewera. Netiweki inkagwira pamwamba pa phiri pokha, pa mwala wina umene anthu ankachita kudikirana.

Ku Joni ndinapezadi ntchito, yokwirira faiba. Faiba ndi kachingwe kagalasi, kowonda ngati tsitsi, kamene amakalowetsa m'paipi n'kukwirira pansi kuti intaneti ifike m'nyumba za anthu. Ife chathu chinali piki ndi fosholo. Tinkaswa konkire m'mbali mwa misewu, agalu akutiuwa kuseri kwa mipanda, eni nyumba akukalipa kuti tawononga kapinga. Ena ankaikana faibayo, amvekere intaneti ya pa nsanja ya mafoni ikuwakwanira. Kapitawo wathu, munthu wa ku Zimbabwe, ankawayankha kuti ya pa nsanja ili ngati mjigo wa mudzi wonse, mukachuluka aliyense amatunga pang'ono, pomwe faiba ndi mpopi wa m'nyumba mwako. Ine ndinkamva zimenezi ndili m'dzenje, ndikuganiza za Nachisale akukwera phiri, Tadala ali kumsana, kuti amve mawu anga.

Ndipo sankawamva bwino. Theka la macheza athu linali "Mukundimva?" ndi "Mwati bwanji?" Kenako mawu ankaduka. Titatopa, tinayamba kungotumizirana mauthenga ojambula mawu. Poyamba anali aatali: za mbuzi, za maliro a m'mudzi, za mano a Tadala. Zaka zikupita, anafupika. "Ndatumiza." "Ndalandira, zikomo." Zotsala pa malipiro zinkathera pa lendi ya kachipinda kamalata komwe ine, Yohane ndi anzathu tinkagona mothithikana. Lamlungu ndilo linkandivuta. Anzanga akapita kokamwa, ndinkakhala pakhomo ndikumveranso mauthenga akale aja.

Dzinja lina foni inangoti zii. Ndinadziuza kuti ndi mvula, njira ya kuphiri yaterera. Tsiku lina masana, ndili m'ngalande, foni inanjenjemera kangapo motsatizana. Mauthenga onse amene Nachisale anajambula netiweki itasowa anafika pamodzi. Woyamba: "Amayi anu sakupeza bwino." Wotsatira: "Mtsinje wadzaza, galimoto sizikudutsa, tikudikira." Kenako kulira kokhakokha. Womaliza anali mawu osasa: "Taika dzulo. Tinayesetsa kukupezani."

Ndinawamvera onse nditaimirira, paipi ya faiba ili pakati pa miyendo yanga. M'nyumba ya kuseri kwa mpanda ana ankaseka, akuonera kanema. Nditamaliza ndinatola piki n'kupitiriza kukumba, chifukwa sindinadziwe china chochita.

Sindinabwerere nthawi imeneyo. Kukaona manda sikukanagula feteleza. Chimene chinadzandibweza ndi msana. Unafika poti m'mawa Yohane ankachita kundidzutsa ndi dzanja, ndipo kapitawo anayamba kuitana anyamata atsopano ine ndili pomwepo.

Pobwera, titadutsa pa Mponela, ndinaona chinthu chimene chinandiseketsa mopanda chimwemwe: ngalande m'mbali mwa msewu, ndi mapaipi omwe aja. Minibasi itaima, ndinafunsa mmodzi mwa okumbawo kuti ikupita kuti.

"Ku Boma, achimwene, kumaofesi," anatero akupukuta thukuta. "Kumidzi n'kwa nsanja basi. Nyumba zotalikirana chonchi, miyala yokhayokha, angakumbe ndani?"

Sindinamutsutse. Mtengo wa mwala ndimaudziwa, ndili nawo m'chiunomu.

Nsanjayo ndinaipezadi, itaima pa phiri lathu lomwe lija. Tsopano netiweki imagwira ndi pakhonde pomwe. Madzulo anthu akachuluka pa mafoni imachedwa, magetsi akavuta imasowa, koma palibenso wokwera phiri. Nachisale amagulitsa mtedza pafoni, ogula amachita kumuimbira. Nyumba anaifolera malata, mbuzi zinaswana. Zonse zinkayenda bwinobwino, ndipo sindinaone pamene panali kudikira ine. Tadala, yemwe tsopano ali pasukulu, anandigwadira n'kupereka moni waulemu wonse, monga amachitira kwa mlendo, kenako anathawira kwa anzake.

Patapita masiku, tinakhala pakhonde awiriwiri tikusenda mtedza. Ndinali ndi zambiri zofunsa. Amayi anavutika nthawi yaitali? Ananditchula? Iyeyo zaka zonsezi ankagona bwanji yekha mvula ikamawomba chitseko? Nayenso ndinkaona kuti ali ndi zake. Koma kunkangomveka makoko akusweka. Apo m'pamene ndinazindikira kuti zaka zonse zija tinkanamizira netiweki. Inkadukadi, koma ifenso tinazolowera kudukako, tinasiya kuyesa.

Nachisale anakutumula makoko pachitenje chake, osandiyang'ana.

"Lankhulanitu, bambo a Tadala. Pano mawu saduka."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinafufuza poyambira, osapapeza.

"Mtedzawu akugula bwino chaka chino?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana, maso ali otopa ngati anga. "Akugula," anatero, n'kundikankhira lichero kuti liyandikire kumene ndinakhala.